Akuti ndaba laputopu, pomwe sikana ndi imene inafa

Zaka zitatu tsopano ndili pa kauntala iyi kulandira katundu amene anthu anagula pa intaneti ndiye akufuna kubweza, koma sabata yathayi ndinafika poti nditenge chikwama changa ndizipita osabweranso. Anzanga amene muli pa ma drop-off, malo osiyira mapasulo ngati pathu pano, mukudziwa kale kuti January ndi mwezi wowawa, zonse zimene anthu anagula pa Black Friday ndi pa Khirisimasi zimabwerera kudzera kwa ife, nsapato zothina, majuzi amene munthu anapatsidwa ngati mphatso koma sakuwafuna, ma headphone, zidole za ana. Shopu yathu si ya kampani yogulitsa zinthuzo, si yanso ya makampani onyamula mapasulo, ife tangokhala pakatikati. Ntchito yathu yeniyeni ndi photocopy, kupulinta ndi kugulitsa mapepala ndi zolembera, zamapasulozi abwana anangoziwonjezera chifukwa cha kakomishoni ka pa pasulo iliyonse, komanso akuti munthu akalowa kudzasiya katoni amagulako kanthu. Sagula. Zaka zitatu ndakhala ndikuwaona, amasiya katoni, kutenga lisiti, ulendo.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwe zija. Wina wabwera ndi lebo ya kampani yonyamula imene ife sitigwira nayo ntchito, ukamuuza akuti koma pa mapu ndaona muli pompano. Wina QR code yake inatha nthawi kalekale, wina akukuonetsa screenshot yodulidwa mbali imodzi ndiye akudabwa kuti sikana, kamakina kathu kowerengera ma code a mapasulo, sikuwerenga. Mnyamata wina anabwera ndi power bank yotupa, yachita kufufuma, atangoikulunga mu pepala, ndinamukana chifukwa batire la lithium lowonongeka sililowa mu thumba limodzi ndi katundu wa anthu, likhoza kuyaka mu galimoto, anatuluka akung'ung'udza. Ndiye pali aja obwera ndi katoni yotsegula kudzapempha tepi ngati kuti tepi imamera pa kauntala. Lolemba lokha ndinasikana mapasulo 86, kuchipinda chakumbuyo kunalibe popondera.

Lachitatu cha m'ma 10 m'mawa sikana inazima. Sikana iyi tili nayo imodzi yokha, ndipo batire lake linayamba kuvuta mu November, ndinawauza abwana katatu, kawiri pakamwa kamodzi pa WhatsApp, yankho linali loti tizingoisiya pa chaja. Tsiku limenelo ngakhale pa chaja inakana, sikirini bii. Ndinaimbira a kampani yonyamula, anati atumiza ina ndi dalaivala wa mawa. Ine ndinatenga pepala ndiyambe kulemba kuti lero sitikulandira mapasulo, abwana anandilanda pepala lija m'manja.

"Iwe ukufuna anthu azolowere kupita kwina? Uzilandira, uzilemba mu buku, mawa tisikana zonse."

Ndinati abwana, pasulo yosasikana kwa kampani ndi ngati kulibe, chikachitika china chake ndani ayankhe? Anati ayankha iwowo. Mawu amenewo muwasunge.

Ndiye ndinayamba kulandira pamanja, dzina, nambala ya tracking, nthawi, munthu asayine. Amene anali ndi QR yokha opanda lebo ndinkajambula QR yawo ndi foni ya pashopu kuti mawa tidzasikane pa chithunzi kenako lebo ituluke, ntchito yachabechabe zedi chifukwa uyenera kumata kapepala pa katundu aliyense kuti usasokoneze QR iti ndi ya thumba liti. Lisiti panalibe chifukwa lisiti limatuluka pokhapokha wasikana. Anthu ena ozindikira anakana kusiya, anati opanda lisiti ayi, ndipo ine mumtima ndinkati mwachita bwino.

Cha m'ma 3 masana analowa bambo ena achikulire ndithu, atanyamula katoni ndi manja awiri ngati anyamula khanda. Katoni yomatidwa bwino, lebo yopulinta kale yomatidwa mowongoka, anthu otere amapezeka mwa apo ndi apo. Anati ndi laputopu, anagulira mwana wawo wa ku koleji koma sikirini ikumatulutsa mizere, ndipo lero ndi tsiku la 30, lomaliza kubweza. Ndinawauza zoona, ndinati bambo makina athu afa, ndikalandira lero sizioneka mu sisitimu mpaka mawa, ngati mungathe pitani pa drop-off ina. Anati yapafupi afikako kale apeza atseka, ndipo miyendo yawo siyowalola kuyenda kwambiri. Abwana anali pompo akuwerenga ndalama, anadzutsa mutu n'kunena kuti bambo musadandaule, deti imene talemba mu buku ndi imene imagwira ntchito. Bodza lenileni. Kampani yogulitsa sidziwa n'komwe kuti kuli buku, imaona nthawi imene barcode yasikanidwa koyamba basi. Ine ndinakhala chete, ndipo apa ndi pamene ndikudziimba mlandu, ndikanayenera kuwatsutsa pamaso pa kasitomala koma mukudziwa mmene zimakhalira, bwana ndi bwana. Bambo aja anasayina mu buku, anati zikomo mwana wanga, napita.

Chifukwa inali laputopu sindinafune kuiponya pa mulu wa kumbuyo kuja kumene aliyense amalowa, ndinaitsekera mu kabati ya ma toner, kiyi ndinapereka kwa abwana, mu buku ndinalemba pambali ndi cholembera chofiira kuti ili m'kabati. Adalaivala atafika cha m'ma 5 anangoyang'ana mulu uja n'kupukusa mutu. "Achemwali, chimene sichili pa mndandanda wanga sindinyamula, chikasowa panjira adula malipiro anga." Sindinawatsutse, akunena zoona, ananyamula mapasulo 19 amene ndinasikana m'mawa sikana isanafe, ena onse anagona.

Lachinayi linali tsiku langa la off. Sikana ina inabweradi, mnzanga wa shifiti ina anasikana mulu wonse wa kumbuyo, koma buku sanalitsegule, iye anangoti chimene akuona ndi chimene chilipo. Lachisanu ndinabwera n'kupeza mzere wafika panja, pepala la malisiti linatha masana ndiye ndinkauza anthu kuti azijambula sikirini ya sikana ndi mafoni awo, ndinamufunsa mnzanga mothamanga kuti za Lachitatu zonse zinapita, anati zonse. Ndinakhulupirira. Kabati sindinaitsegule, kiyi analinso sali ndi ine.

Loweruka m'mawa shopu yadzaza, bambo aja analowa, koma ulendo uno sanabwere okha, anali ndi mwana wawo uja, mnyamata wamtali, foni ili m'manja. Imelo yabwera kuchokera ku kampani yogulitsa yoti nthawi yobweza yatha ndipo katundu sanalandiridwe paliponse, pa tracking pakungoonetsa kuti lebo inapangidwa basi. Mnyamata uja sanapereke ngakhale moni.

"Ndinu amene munalandira laputopu kwa adadi? Ili kuti? Lisiti simunawapatse dala eti, mumaona ngati ndi nkhalamba sadziwa kanthu?"

Anthu onse pa mzere chete, wina mpaka anatulutsa foni kuyamba kujambula vidiyo. Zaka zitatu sindinasowetsepo ngakhale sokosi imodzi ya munthu, ndasungapo mafoni odula, mawotchi, lero ndikutchedwa wakuba pamaso pa anthu amene amandidziwa. Koma chimene chinandiwawa kwambiri si mnyamatayo, anali bambo aja. Iwo sanakalipe, anangoti motsitsa, "Mayi, ine ndinakukhulupirirani." Lachitatu ndinali mwana wawo, Loweruka ndasanduka mayi.

Ndinatsegula buku manja akunjenjemera, ndinaona cholembera chofiira chija, mtima unangoti phwii, ndinadziwa pompo kuti katoni ikadali m'kabati. Ndinati bambo laputopu yanu ili muno, sinapite kulikonse. Mnyamata akuti tulutsani tione. Kiyi ali ndi abwana, abwana kulibe, Loweruka amabwera mochedwa. Ndaimba kasanu sakuyankha. Tangoganizani, ukuuza munthu amene akukuganizira zakuba kuti katundu wake ali mu kabati iyo apo koma sungatsegule, ngakhale ine ndikanakhala iwowo sindikanakhulupirira. Ndinawapatsa bambo aja mpando, mnyamata anakana kukhala anaima pafupi ndi kabati ngati mlonda, ine n'kumapitiriza kusikana mapasulo a anthu ena misozi ili m'maso, munthu aliyense akafika pa kauntala amayang'anitsitsa sikirini kuti aone ngati ndasikanadi.

Abwana anafika patatha ola limodzi ndi theka. Kabati kutsegula, katoni ili pomwe ndinaisiya, tepi yake osakhudzidwa. Ndinaisikana pompo, sikana inalira kulira kwake kokana kuja, lebo yatha ntchito. Apa ndi pamene panayambira ntchito yeniyeni. Ndinaimbira a kampani yonyamula, anati iwo sangatsegulenso nthawi yobweza, zimenezo ndi za ogulitsa. Ogulitsa ine sangandiyankhe chifukwa akaunti si yanga ndipo shopu yathu saidziwa, iwo amadziwa kampani yonyamula. Ndiye mnyamata uja analowa pa chat ya mu app, poyamba kuyankhidwa ndi loboti imene imangobwereza kuti masiku 30 adutsa, mpaka tinapeza munthu weniweni, tinatumiza chithunzi cha tsamba la buku pali deti ndi siginecha ya bambo, ndinalemba kalata yaifupi pa pepala la shopu kufotokoza kuti sikana inafa Lachitatu ndipo katundu analandiridwa nthawi isanathe, ndinadinda chidindo. Ndinawapempha abwana kuti asayine kalatayo poti ndi iwo anati ayankha. Anati sayina iweyo, ndiwe unalandira. Ndinasayina.

Zinatenga pafupifupi maola awiri koma anavomera kutumiza lebo yatsopano, ndinaipulinta ulere, kumata, kusikana, ndipo poti pepala la malisiti linali litabwera m'mawa womwewo lisiti linatuluka, ndinalipereka kwa bambo ndi manja awiri. Ndinawauzanso kuti asayembekezere ndalama lero, zovala zotchipa nthawi zina amabweza ndalama akangoona kuti tasikana koma chinthu chodula ngati laputopu amadikira chifike ku warehouse achitsegule aone serial number ngati ikugwirizana, chifukwa alipo anthu amene amabweza katoni muli laputopu yakale kapena mabuku olemera, ndiye lisitilo asalitaye mpaka ndalama zilowe. Bambo anati ndamva mwana wanga, pepani. Mnyamata sanapepese, anangoika foni m'thumba n'kutsogola. Wojambula vidiyo uja sindikudziwa kuti anaitumiza kuti, anali atapita kale kabati isanatsegulidwe.

Atapita abwana anandiitanira kumbuyo, ndimaganiza kuti mwina apepesa, koma akuti vuto ndi ine chifukwa ndinabisa katoni ndiye Lachisanu sindinawakumbutse. Mbali ya Lachisanu ndinavomera, ndi zoona ndikanayenera kufunsa kiyi. Koma ndinawafunsa kuti batire limene ndinanena mu November lija linali la ndani, amene anandilanda pepala m'manja ndi ndani, amene anauza munthu wamkulu kuti deti ya mu buku imagwira ntchito ndi ndani. Anati ndikuyankha mwamwano. Komishoni ya mapasulo onse a Lachitatu inalowa, ngakhale ya laputopu yomweyo inalowa, ine pa pasulo sindilandirapo kalikonse, malipiro anga ndi omwe aja a photocopy.

Chimene chikundinyansa ndi choti mgwirizano umene shopu inasayina ndi kampani yonyamula ukunena poyera kuti tisalandire pasulo popanda kusikana, pepala lake lili mu fayilo pansi pa kauntala, ndinaliwerenga Loweruka madzulo nditatseka. Ndalipanga photocopy, ndalimata pa khoma kuseri kwa kauntala pamene abwana amakhala akamawerenga ndalama. Ndapulintanso chikwangwani chachikulu choti makina afa lero sitikulandira mapasulo, ndachipanga laminate, chili mu chikwama changa osati mu shopu. Sikana imene anabweretsa Lachinayi ija si yatsopano, ndi yochokera pa drop-off ina imene inatsekedwa, ili ndi mng'alu pakona ndipo lero Lolemba yazima kale kamodzi cha m'ma 11, inayakanso nditachotsa batire n'kubwezeretsa.