Ndime ya chindapusa imene tinasainira mopupuluma

Bizinesi yathu yopanga mipando ndi matebulo tinaiyamba awiri, ine ndi achimwene anga, ndipo m'zaka zoyambirira mapangano athu ambiri anali a pakamwa. Titapeza oda yaikulu yoyamba, yopangira sukulu ina madesiki, tinafunika matabwa ochuluka pangongole, choncho tinasainirana mgwirizano ndi kampani ina yogulitsa matabwa. Mumgwirizanomo munali ndime yonena kuti tikachedwa kulipira, ngakhale ndi tsiku limodzi, tidzapereka chindapusa chokwana theka la ngongole yonse. Ndimeyo ndinaiwerenga ndithu, koma mtima unali uli pa madesiki.

Sukulu ija inachedwa kutilipira ndi milungu itatu, ifenso tinachedwa chimodzimodzi, ndipo kalata yoitanitsa chindapusa inafika. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti mgwirizano wathu ndi sukuluyo unalibe mawu alionse okhudza kuchedwa, moti kwa amene anatikongoza tinali omangidwa, pamene kwa amene anali nafe ngongole tinalibe pogwira.

Loya amene tinakaonana naye anatifotokozera kuti m'mayiko otsatira malamulo a ku England, makhoti amasiyanitsa ndalama yolipira zimene wina wataya ndi ndalama yongolangira mnzake. Pa mlandu wa Dunlop wa 1915, oweruza ananena kuti ndalama yolembedwa mumgwirizano iyenera kukhala chiyerekezo choona cha zimene wolakwiridwa angataye, osati chida choopsezera. Mu 2015, pa mlandu wa Cavendish ndi Makdessi, khoti lalikulu la ku United Kingdom linawonjezera kuti chofunika kuona n'chakuti kodi chindapusacho chikuteteza phindu lovomerezeka la wolakwiridwa, ndipo sichikupyola muyeso kwambiri. Ku South Africa njira yake ndi ina, chifukwa lamulo la 1962 limalola zindapusa zotere, koma limapatsa khoti mphamvu yochepetsa chimene chakula mosagwirizana ndi zotayika.

Loyayo anatichenjezanso kuti tisadzinamize ngati kuti ngongole yatha. Wokongoza ali ndi ufulu wolandira ndalama yake yonse, chiwongoladzanja chimene tinagwirizana, ndiponso wokasuma kukhoti, ngakhale kuti sangabwere yekha kudzanyamula makina athu amene sitinawaike chikole.

Tinalembera kampaniyo kalata yovomera ngongole ndi kuchedwa kwathu, tikupempha kuti atisonyeze zimene anataya m'milungu itatuyo. Patatha zokambirana ziwiri, anavomera kulandira ndalama yawo pamodzi ndi chiwongoladzanja cha masiku amene tinachedwa, ndipo mpaka lero matabwa timagula kwa iwo omwewo.

Mgwirizano umene timapereka kwa makasitomala masiku ano uli ndi ndime ya kuchedwa yomanga mbali zonse ziwiri. Iwo akachedwa kulipira amawonjezera pang'ono pa sabata iliyonse, ifenso tikachedwa kupereka mipando timachotsera pa mtengo mlingo womwewo. Achimwene anga ankati zimenezi zithawitsa makasitomala, koma amene amatenga nthawi yaitali akuiwerenga ndimeyi ndi amenenso amalipira tsiku lisanakwane.