PCR inandikana masabata awiri chifukwa cha ma G ndi ma C

Dzulo mzere unaoneka pa gel, pomwe timaonerapo DNA, kusonyeza kuti PCR yanga (njira yochulukitsira kachidutswa ka DNA) yatheka, ndipo ndinangokhala pansi n'kupumira m'mwamba. Masabata awiri athunthu ndakhala ndikuthira zomwezomwezo m'timachubu, kuyatsa makina, kudikira maola atatu, gel n'kutuluka yoyera mbee.

Za magolovesi ndi kusunga Taq (enzyme yokopera DNA) pa ayezi sindinena, mukuzidziwa kale. Changa n'chimodzi: musanakhudze makina, werengani ma G ndi ma C m'kachidutswa kanu ka DNA, awiri mwa ma base anayi (A, T, G ndi C) a m'zingwe zake. Kanga kanali nawo pafupifupi 70 pa 100 alionse, ine osalabadira. A ndi T amagwirana ndi ma hydrogen bond awiri, pomwe G ndi C amagwirana ndi atatu. Kuonjezera apo ma base amasanjikizana ngati mbale, ndipo pamene G ndi C achulukana mpamene mulu wake umakanirira zedi. Ndiye masekondi 30 pa madigiri 94 zingwe ziwiri za DNA sizinkalekana bwino, primer (kachingwe kakafupi koyambira kukopera) n'kusowa pokhala.

Koma chimene chimandiwawabe ndi Lachitatu lija. Makina ndi amodzi, timachita kulembetsa. Ndinalawirira m'mamawa, kupeza wina waikamo zake za maola asanu pa nthawi yanga, wosunga kiyi wa firiji naye kulibe. Tsiku lonse ndinangokhala chopinda manja. Madzulo nditapeza mpata, ndinabwereza zolakwika zomwezija mothamanga!

Ndinkaopa kutenthetsa nthawi yaitali poganiza kuti DNA iduka. Mayi wina wa mu labu momwemo ndiye anandiseka, amvekere kutentha kumeneko kumangomasula ma hydrogen bond basi. Msana wa DNA, wa shuga ndi phosphate, unamangidwa ndi ma phosphodiester bond, omwe ndi a covalent, olimba kwambiri, ndipo madigiri 95 sauchita kanthu m'mphindi zochepa. Manyazi anandigwira, poti izi tinaphunzira chaka choyamba.

Nditamva izi ndinayamba ndi mphindi 5 pa madigiri 95, n'kuthiramo DMSO wa 5 peresenti, mankhwala othandiza zingwe kulekana. Ndatsala pang'ono kuiwala: DMSO amafooketsanso kugwira kwa primer, choncho annealing, gawo lomwe primer amagwira, ndinaitsitsa kuchoka pa madigiri 62 kufika pa 59. Pa madigiri 72, pomwe Taq amakopera DNA, sindinasinthe chilichonse.

Za kutentha komwe primer amalekana ndi chingwe, kawerengedwe kachangu n'kakuti A kapena T aliyense ndi madigiri 2, G kapena C ndi 4. Ndi kongoyerekeza, koma ine ngakhale kameneka sindinachite. Werengani ma G ndi ma C aja, chonde. Sabata yamawa ndili ndi kachidutswa kena, ndipo pepala lolembetsera makina ndalijambula kale pa foni.