Mapaketi akaima mkati mwa chip, yambani ndi kuwerenga ma credit

Mapaketi ayamba kuyenda tsopano, mtima wakhala pansi. Ndikulembera inu anzanga a kuno ku Harare amene mukulimbana ndi network-on-chip (netiweki ya mkati mwa chip yoyendetsa mapaketi a data pakati pa mapurosesa) pa FPGA, chip imene mumaikonza nokha mmene izigwirira ntchito.

Yanga ndi mesh ya ma rauta 16, anayi m'litali anayi m'lifupi, iliyonse ili ndi purosesa yake. Pa simulation (poyesa pa kompyuta) zinkayenda bwinobwino, koma ndikangoika pa bodi, pakapita kanthawi zonse zinkangoti zii. Aliyense ankathamangira kunena kuti ndi deadlock, pomwe mapaketi amadikirana okhaokha mpaka onse kuima. Komatu ine ndimagwiritsa ntchito XY routing, pomwe paketi imayamba yayenda chopingasa kenako n'kukwera kapena kutsika, ndipo pa mesh njira imeneyi silola kuti mapaketi adikirane mozungulira. Ingoonetsetsani kuti mapempho ndi mayankho sakudutsa mu virtual channel (mzere wodikirira wa mkati mwa rauta) imodzi, basi pitirirani.

Musanapange synthesis (kusandutsa code kukhala zinthu zoika pa chip), ikani ma counter pakhomo lililonse la rauta: ma flit (tizidutswa ta paketi) olowa, otuluka, ndi ma credit otsala (credit iliyonse imaimira malo amodzi opanda kanthu mu buffer, posungira ma flit pa rauta yolandira).

Chimene chikundiwawabe ndi chingwe cha JTAG, cholumikizira bodi ku kompyuta. Ndinachiitanitsa kunja, n'kukagwidwa ku ofesi ina ya misonkho. Ndinanyamuka ku Mufakose m'mamawa pa kombi. Zenera loyamba akuti pitani lachiwiri, lachiwiri akuti invoisi ya pafoni sitilandira, kasindikizeni. Ndapita m'tauni, ndasindikiza, pobwera wolandira ndalama wapita kukadya. Ndinapempha ulemu wonse, "Amayi, chonde, kanthu kake n'kakang'ono," iwo osadzutsa n'komwe mutu. Tsiku lathunthu kuthera kachingwe kokwana m'thumba la malaya! Gulani bodi yokhala ndi JTAG yake ya pa USB, kapena bwerekani chingwe kwa mnzanu.

Za ILA, chida cha mu pulogalamu ya Vivado choonera ma signal mkati mwa chip, imathandiza, koma imasunga zimene yaona mu block RAM (memory yochepa ya mkati mwa FPGA), choncho mumangoona kachigawo kochepa zedi. Mukafuna kuona signal ina, ndiye kumanganso design, kudikira nthawi yaitali. Ine magetsi anandithimira ntchito ili pakati, laputopu n'kufa. Muziyambitsa ntchito yomangayo usiku magetsi akabwera, batire itadzaza.

Ndibwerere ku ma counter aja. Ma credit a wotumiza, kuphatikiza ma flit amene ali mu buffer ya wolandira ndi zimene zili m'njira, ziyenera kufanana ndi kukula kwa buffer nthawi zonse. Pa rauta ina, khomo la kum'mawa linali ndi ma credit 0 pamene buffer ya mnzake inali mbee. Mu code ya Verilog imene ndinapatsidwa, credit ikabwerera pa clock cycle yomweyo imene flit ikutuluka, counter inkangochotsa osawonjezera. Ma credit ankatha pang'onopang'ono mpaka khomo kutsekeka. Simulation sinazigwire chifukwa mapaketi ake anali apatalipatali.

Choncho testbench, code yoyesera design pa simulation, muziithira mapaketi ambiri motsatizana, ndipo ma counter aja, ndikubwereza, aikeni tsiku loyamba lomwelo.