Kaundula wa siteshoni ya 7Q si wanu nokha

Masiteshoni a wailesi ya amateur (ya anthu olankhulana pa wailesi mongokonda) a ku Malawi, amene callsign yawo, dzina loitanira, imayamba ndi 7Q, ndi owerengeka, n'chifukwa chake mukaitana CQ (kuitana aliyense amene akumva) muli ku Lilongwe, anthu a ku Ulaya ndi ku Japan amakuunjikiranani. Ambiri akufuna umboni woti alankhula ndi Malawi, ndipo umboniwo uli m'kaundula wanu, momwe mumalembamo QSO iliyonse, kutanthauza kulankhulana kulikonse ndi siteshoni ina. Kaundulayo akakhala mu kope, kapena mu Excel mwa kakonzedwe kanukanu, palibe pulogalamu ina ingamuwerenge.

Kalembedwe kamene tonse tinagwirizana ndi ADIF, fayilo yothera ndi .adi imene mungatsegule ngakhale ndi Notepad. Chinthu chilichonse chimalembedwa ndi dzina lake, kuchuluka kwa zilembo zake, kenako chinthucho: <QSO_DATE:8>20240315, <BAND:3>20m, <MODE:3>FT8, ndipo QSO iliyonse imatsekedwa ndi <EOR>. Nambala ya m'katiyo si yokongoletsa. Mukakonza callsign pamanja, kuonjezera chilembo osasintha nambala, pulogalamu imadula chilembo chomaliza, ndipo QSO imapita kwa munthu wina kapena kusowa mwini. FT4, njira ya digito yotumizirana mauthenga aafupi ngati FT8, nayo imasokoneza ambiri: mu ADIF, MODE yake ndi MFSK, FT4 imapita pa SUBMODE.

Koma chimene chimaononga kwambiri makaundula kuno ndi nthawi. ADIF imafuna UTC, nthawi imene dziko lonse limayendera, ndipo ife tili patsogolo ndi maola awiri. Logbook of The World, kaundula wa pa intaneti wa ARRL (bungwe la amateur la ku America), imavomereza QSO pokhapokha nthawi za mbali zonse ziwiri zisasiyane kupitirira mphindi 30, choncho wolemba nthawi ya pa wotchi yake yapamkono wataya QSO zonse. Usiku ndiye zimafika poipa: 01:30 ku Lilongwe ndi 23:30 UTC ya dzulo lake, tsiku nalo limasintha. Pa FT8, imene Joe Taylor ndi Steve Franke anatulutsa mu 2017, masiteshoni amasinthana masekondi 15 alionse, ndiye wotchi ya kompyuta ikasemphana ndi masekondi ochepa okha, mudzaona mizere pa waterfall (chithunzi cha masiginolo pa sikirini) koma mauthenga osatuluka. Kompyuta yakale imene batire lake la CR2032 latha imaiwala nthawi magetsi akazima. Sinthani batirelo, ikani pulogalamu ya NTP yokonza wotchi kudzera pa intaneti, ndipo kumene intaneti ndi yovuta gwiritsani ntchito GPS ya pa USB.

Onaninso grid yanu, zilembo ndi manambala osonyeza pamene siteshoni yanu ili pa mapu. Pakati pa mzinda wa Lilongwe ndi KH66, koma mzere wa madigiri 14 ukudutsa chakumwera pang'ono, ndipo kuseri kwake ndi KH65. Musakopere ya mnzanu.

Pa kulumikiza wailesi ndi kompyuta, makampani sanagwirizane. Icom ili ndi CI-V, Kenwood ndi Yaesu zili ndi malamulo awoawo a CAT, amene kompyuta imalamulira nawo wailesi. Chimene chimatipulumutsa ndi Hamlib, pulogalamu imene imadziwa zilankhulo zonsezi. Vuto limene limabwera kawirikawiri ndi ili: COM port imatsegulidwa ndi pulogalamu imodzi yokha, ndiye WSJT-X, pulogalamu ya FT8 ndi FT4, ikaigwira, pulogalamu ya kaundula imakanidwa. Yambitsani rigctld, imene imabwera ndi Hamlib, kuti iyo yokha igwire wailesi, kenako mu pulogalamu iliyonse musankhe Hamlib NET rigctl ndi kulemba 127.0.0.1:4532. Wailesi ikakhala chete, onani baud rate mbali zonse ziwiri, komanso adiresi ya CI-V. Ya wailesi ya Icom IC-7300 yochokera ku fakitale ndi 94h. QSO zikatha, WSJT-X imazitumiza ku pulogalamu ya kaundula kudzera pa UDP port 2237.

Kumene kusagwirizana kumapweteka thumba ndi pa mawu a digito. Mitundu yake itatu, D-STAR, System Fusion ndi DMR, sizimvana mwachindunji, ndipo zonse zimadalira AMBE, njira yosandutsira mawu kukhala digito imene ili ndi eni ake. M'dziko limene wailesi iliyonse imaitanitsidwa kunja ndi ndalama zosowa, anthu atatu akagula mitundu itatu ndiye kuti pa digito aliyense ali yekha. Ine ndikuona kuti gulu lililonse ligwirizane kaye mtundu umodzi wina asanatulutse kwacha, ndipo liganizirenso M17, mtundu wina umene m'malo mwa AMBE umagwiritsa ntchito Codec 2 yotseguka kwa aliyense.

Musanaike pulogalamu yatsopano ya kaundula, iyeseni: lembani QSO zisanu, zitulutseni ngati ADIF, zilowetseni mu pulogalamu ina, muone ngati tsiku, nthawi, band, mode ndi grid zafika zonse. Chimodzi chikasowa, pulogalamuyo isiyeni.