Ma ekisitenshoni anga asanafike pa shelefu ku Kamwala

Madzi atachepa ku Kariba mu 2024, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo akangoyaka aliyense ankalumikiza zonse nthawi imodzi: foni, ketulo, ayironi, firiji. Ma ekisitenshoni ndi ma adaputa sankagonera m'shopu yanga ku Kamwala, mu Lusaka. Ndinaganiza zosiya kupikula kwa anzathu a holoselo n'kuyamba kuitanitsa ndekha ku China kudzera pa doko la Dar es Salaam. Apa ndi pamene ndinadziwira kuti katundu wamagetsi salowa m'dziko ngati mmene zimalowera mbale za pulasitiki.

Za kulembetsa bizinesi ku PACRA ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku ZRA, sinditayapo nthawi, ndinali nazo kale. Chimene chimasokoneza ambiri ndi maofesi awiri a mayina ofanana. A ZABS amalemba miyezo ndi kuyeza zinthu m'labotale. Koma amene amaima pa boda n'kunena kuti katundu uyu alowe kapena ayi ndi a ZCSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Compulsory Standards Act la 2017. Kale ntchito zonsezi zinali m'manja mwa ZABS, n'chifukwa chake amalonda akale pano amangoti "a ZABS abwera" ngakhale obwerawo ali a ZCSA. Mawaya, mapulagi, masoketi, ma adaputa ndi zipangizo zamagetsi za m'nyumba zili m'gulu la katundu amene muyezo wake ndi wokakamiza.

Ndinapita ku ofesi yawo ndisanatumize ngakhale ngwee imodzi ku fakitale. Ndinatenga mndandanda wa zimene ndimafuna kugula, ndipo bambo amene anandilandira anaupenda n'kundifunsa kuti, "Mayi, pulagi yake ndi yamtundu wanji?" Funso limeneli ndi lalikulu kuposa mmene limamvekera. Magetsi athu ndi a 230 V, 50 Hz, ndipo soketi ya m'nyumba zambiri ndi ya mapini atatu amakona anayi, ya chi Britain, ya muyezo wa BS 1363. Pulagi yotere imakhala ndi fyuzi mkati, nthawi zambiri ya 13 A. Mapini awiri apansi amakutidwa ndi pulasitiki cha kutsinde kuti chala chisakhudze chitsulo pozula, ndipo mabowo a soketi amakhala ndi totseka timene nthawi zambiri timatseguka pokhapokha pini yaitali ya ethi yalowa. Mwana wosewera ndi msomali amapulumukira pa totsekato. Fakitale ikangomva zoti Africa imatha kukutumizirani chilichonse, choncho ndinalemba zonsezi m'kalata ya oda, chimodzichimodzi.

Ndinapemphanso lipoti la kuyeza kwa katunduyo, lochokera ku labotale yovomerezeka ya ISO/IEC 17025. Wogulitsa wina ananditumizira pepala lokongola la chizindikiro cha CE basi. Chizindikirocho ndi cha msika wa ku Ulaya, ndipo pa katundu wotere amadziikira ndi wopanga mwiniwake. Sichilowa m'malo mwa lipoti. Amene anatumiza lipoti lenileni, lokhala ndi nambala ya modelo yofanana ndi ya pa katoni, ndi amene ndinachita naye malonda.

Kenako ma sampulo anafika. Ndinawatengera kwa amalume anga ku Chawama, amene akhala akuika mawaya m'nyumba za anthu kuyambira ndili mwana. Sanafunse mtengo. Anangotenga pulayasi n'kudula chingwe pakati.

"Mphwanga, yang'ana apa," anatero akupala kawaya ndi mpeni. Kunja kanali kofiira ngati mkuwa, mkati koyera. Ameneyo ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa pamwamba. Aluminiyamu amapititsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya mmene mkuwa umapititsira, ndiye chingwe chotere chimatentha msanga. Sampulo ina inali ya mkuwa weniweni koma wowonda: pa khungu la chingwe panalembedwa 1.5 mm², pamene mkatimo munali tinsinga towerengeka, pulasitiki ndiye anali wonenepa. Amalume anandiwerengera pa chikatoni kuti 13 A pa 230 V ndi pafupifupi ma watt 3,000. Ketulo imodzi imadya 2,000 kapena kuposerapo. Munthu akawonjezapo ayironi ndi zina mpaka magetsi kupyola malire kwambiri, pa ekisitenshoni yabwino fyuzi imaphulika, nkhani n'kuthera pomwepo. Pa yachinyengo fyuzi palibe, chimene chimapsa ndi chingwe, kuseri kwa sofa, anthu ali m'tulo. Zimandiwawa ndithu kuti dziko lokumba mkuwa, limene lili ndi fakitale ya mawaya ya ZAMEFA ku Luanshya, lizidzaza ndi zingwe zopanda mkuwa. Mwa ma sampulo onse ndinasankha yodula, imene amalume anaivomereza.

Kontena itanyamuka, ndinapereka kwa ejenti wanga wa pa boda ya Nakonde invoisi, mndandanda wa makatoni, pepala la sitima ndi lipoti lija. Iye ndi amene analowetsa zonse mu ASYCUDA, makina a pa kompyuta a kasitomu a ZRA, ndi kudziwitsa a ZCSA kuti katundu wofunika kuyendera akubwera. Msonkho wa ZRA ndi wina, ndalama ya kuyendera ndi kuyeza ndi ina. Muziwerengere zonse ziwiri pa mtengo wogulitsira musanalonjeze makasitomala. Oyendera anatsegula makatoni angapo, anaona ngati dzina la wopanga, dziko lochokera, ma volt ndi ma amp zalembedwa m'Chingerezi pa katunduyo, n'kutengapo ma sampulo okayeza. Katunduyo analoledwa kubwera ku Lusaka, koma anandiuza kuti ndisagulitse mpaka zotsatira zituluke.

Kudikira kumeneko ndi kumene kunandivuta kuposa zonse. Lendi ikuyenda, makatoni ali phee m'chipinda chakumbuyo, kasitomala akufunsa ekisitenshoni ine n'kumuuza kuti yatha. Mnzanga wina anandinong'oneza kuti ndingotulutsa katoni imodzi, ndani angaone. Ndinakana, chifukwa katundu akalephera amalandidwa, kuwonongedwa kapena kubwezedwa kumene anachokera, ndipo oyendera amayembekeza kupeza makatoni onse ali pomwepo.

Zotsatira zitatuluka bwino ndinalandira chikalata cha katundu ameneyo, n'kuchiika m'faelo limodzi ndi malisiti onse, poti oyendera amazunguliranso m'mashopu a Kamwala ndi m'tauni osachenjeza. Oda yotsatira ndikufuna kuwonjezamo ma rauta ndi zipangizo za sola, koma kumeneko maofesi ake ndi ena: ma rauta ndi mafoni amafuna chivomerezo cha ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi intaneti, za sola zimadutsa ku ERB, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Mafomu a ku ERB ndatenga kale, ndikudikira fakitale inditumizire mapepala a ma batire.