Lipoti la ulendo wokaona galimoto ya Austin Seven ku Longbridge ndi ku Gaydon

Loweruka lapitali, ife a m'gulu la Amalawi okhala ku Birmingham tinanyamuka m'mamawa pa minibasi yahayala kukatsata mbiri ya Austin Seven, kagalimoto komwe kanathandiza mabanja ambiri a ku Britain kukhala ndi galimoto kwa nthawi yoyamba. Tinayamba taima ku Longbridge, kumwera kwa mzindawu, komwe a Herbert Austin anatsegula fakitale yawo mu 1905. Sitinachedweko, poti chigwereni kampani ya MG Rover, yomwe inkayendetsa fakitaleyi pomaliza, mu 2005 malo ambiri a fakitaleyo anasanduka masitolo, koleji ndi nyumba zogonamo.

Nthawi yathu yambiri inathera ku British Motor Museum, ku Gaydon m'chigawo cha Warwickshire, komwe tinafika kudzera mumsewu wa M40. Titaiona Seven ndi maso, ena anaseka, chifukwa ndi yaing'ono mwakuti anthu awiri onenepa sangakhale kutsogolo popanda kugundana mapewa, ndipo mpando wakumbuyo unkayenera ana basi. Koma bambo wina wachikulire m'gulu lathu, yemwe anagwira ntchito ya umakaniko ku Limbe kwa zaka zambiri, anatiuza kuti tisaipeputse, nagwada pansi kusuzumira kunsi kwake, mpaka achinyamata anachita kumudzutsa.

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti galimotoyi inabadwa kampani ili pamoto. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, a Austin anadalira galimoto imodzi yaikulu, Austin Twenty, yomwe sinayende malonda monga ankayembekezera, ndipo pofika 1921 kampani inali m'manja mwa oyang'anira ngongole. Chaka chomwecho boma linayamba kulipiritsa msonkho wa paundi imodzi pachaka pa mphamvu ya hatchi iliyonse ya injini, motero mwini wa Ford Model T ankalipira £23 pamene galimoto yaing'ono ngati Seven inkathera pa £8. Apa mayi wina anatikumbutsa kuti nafenso kwathu timasankha tigalimoto ta ku Japan ta injini zazing'ono pothawa msonkho wa pachipata ndi mtengo wa mafuta, ndipo palibe anamutsutsa.

Akuluakulu a kampani atakana kuika ndalama pa ganizoli, a Austin anatenga mnyamata wojambula mapulani wosakwana zaka 20, Stanley Edge, nakagwira naye ntchitoyo kunyumba kwawo ku Lickey Grange, m'chipinda chosewerera biliyadi. Galimoto inatuluka mu 1922 ndi injini ya masilinda anayi ya 696cc, yomwe mu 1923 anaikuza kufika 747cc. Inali ndi mabuleki pa mateyala onse anayi, chinthu chosowa pa galimoto yotchipa nthawi imeneyo, ngakhale kuti a kutsogolo ankagwira ndi handibuleki ndipo a kumbuyo ndi phazi, zomwe makaniko wathu anati zinkafuna dalaivala wosagona. Omwe anaithamangira anali mabanja omwe kale ankapanikizana pa njinga yamoto yokhala ndi kangolo pambali, akunyowa ndi mvula ya kunoyi yosadziwa nyengo. Pofika 1939 anali atapanga pafupifupi 290,000.

Mbewu yake inafika patali kuposa momwe ine ndinkaganizira. Galimoto yoyamba ya BMW, yotchedwa Dixi, inali Seven yopangidwa ku Eisenach m'dziko la Germany ndi chilolezo cha a Austin, ndipo ku France ankaipanga m'dzina la Rosengart. A William Lyons, omwe pambuyo pake anayambitsa Jaguar, ankaveka Seven matupi okongola opangidwa ndi kampani yawo ya Swallow, pamene Lotus yoyamba ya a Colin Chapman mu 1948 inali Seven yakale yokonzedwanso.

Tinabwerera madzulo mkangano uli mkati, achinyamata akunena kuti ulemu woyamba ndi wa Model T ya mu 1908, pamene makaniko wathu anaumirira kuti m'misewu yopapatiza ya ku Britain inali Seven imene munthu wamba akanatha kuisamalira. Tinafika ku Birmingham asanagonjetsane, ndipo msungichuma analonjeza kupereka ndondomeko ya ndalama za ulendowu pamsonkhano wa mwezi wamawa.