Besi yopangitsa: thabwa, penti ndi ma pickup

Nditaganiza zopangitsa gitala ya besi yangayanga ndimaona ngati nkhani yaikulu ndi mtundu wa thabwa, koma phewa linandikumbutsa kuti kulemera nako nkofunika. Mahogany imamveka bwino inde, koma ukaima nayo maola atatu msana umachita kudandaula, ndiye thupi ndasankha alder, khosi la maple, podina zala rosewood. Ena amalumbira kuti thabwa limasintha kamvekedwe kwambiri, ine ndimati pang'ono chabe, zambiri zimachokera ku nsambo ndi ma pickup, timaginito totola mawu a nsambozo.

Penti sindinavutike nayo. Penti ya nitro imakalamba mokongola koma siyichedwa kukalika, ya poly ndi yolimba basi. Kumbuyo kwa khosi ndawauza amisiri angopaka oyilo, chifukwa vanishi wonyezimira uja amamata dzanja likachita thukuta.

Pa ma pickup ndiye ndinasowa napo tulo... Ya mtundu wa P yogawa pawiri ija, yomwe kampani ya magitala ya Fender inayamba kuika mu 1957, imatulutsa mawu onenepa ndipo siyisokosa, pomwe ya mtundu wa J ndi yakuthwa bwino koma ukaitsegula payokha imang'ung'udza. Ndaikitsa zonse ziwiri. Za active, zoyendera batire, ndakana, batire la 9V lizindithera pakati pa nyimbo? Ayi ndithu.